Asamurai Ovala Masuti pa Dziwe la ku Croydon

Achemwali anga akati ayi ndiye kuti ayi, ngakhale akhale kutali chotani. Mwana wawo wamkazi, namwino amene amakhala ku Ilford, atapeza mnyamata wachizungu woti amange naye banja, iwo sanavute pa za khungu kapena chilankhulo. Anangofunsa funso limodzi pa foni kuchokera ku Dedza: "Nkhoswe ya kuchimuna ndani?"

Ya kuchikazi inali yodziwikiratu, ineyo, malume wake wa mwanayo. Ndakhalitsa ku Tottenham ndikugwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo maukwati a anthu akwathu kuno ndaimirapo angapo. Koma kuchimuna kunali zii. Bambo ake a mnyamatayo anamwalira kalekale, ndipo mwiniwakeyo sankadziwa n'komwe kuti nkhoswe n'chiyani. Ankayesa kuti ndi mnzake uja wosunga mphete pa tsiku la ukwati. Ndinamufotokozera kuti ayi, nkhoswe ndi munthu wamkulu wa kubanja kwanu amene timamuthamangira mbale zikayamba kuuluka m'nyumba.

"Achimwene, mwana wanga sakalowa m'banja lopanda kodandaulira," anatero achemwali. "Mukapanda kupeza munthu wa kwawoko woti muzikambirana naye, za chinkhoswe muiwale, ndipo ine ndege sindikwera."

Mwanayo anandiimbira akulira. "Ankolo, please, mukuwadziwa amayi. Akati sabwera, sabweradi. I can't do it without her."

Titafufuzafufuza tinapeza kuti mnyamatayo ali ndi malume mmodzi, mkulu wopuma pa ntchito, wokhala yekha ku Croydon. Vuto lake, mkuluyo sankapita ku maukwati. Ngakhale pamene mchemwali wa mnyamatayo ankakwatiwa, iye anangotumiza khadi. Mnyamatayo anachita mantha kumuuza nkhani yonse, anangoti achibale a chibwenzi chake akufuna kumuona. Yankho linabwera lalifupi: Lamulungu masana amakhala ku dziwe la mu paki, tikamupeze komweko.

Nkhani ngati imeneyi munthu supita wekha, choncho ndinatenga alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga. Iwowa anabadwira pa famu ku Zimbabwe kwa makolo a ku Ntcheu, ndipo mwambo amausunga kuposa ife amene tinabadwira kumudzi kwenikweniko. Ndi mkulu wa mpingo, munthu woti asanaseke amayamba wayang'ana uku ndi uku. Titaweruka kutchalitchi tinanyamuka ndi masuti athu omwewo, nsapato zili ngwee, matayi ali pakhosi. M'sitima monse anali kundipatsa malamulo.

"Alamu, ndimakudziwani, pakamwa panu sipachedwa kutseguka. Tikafika tipereke moni, atipatse pokhala, kenako tidikire. Mwini malo ndiye afunse chimene tadzera. Asanafunse, inu duu."

"Nanga akapanda kufunsa?"

"Munthu wamkulu angaone alendo ovala masuti n'kulephera kufunsa? Musandichititse manyazi."

Tinatsika sitima, kukwera tiramu, kasitima koyenda mumsewu, kuyenda pang'ono, n'kulowa mu paki. Ine ndinkayembekezera kupeza nkhalamba itakhala phee pa benchi ikuponyera abakha buledi. Tinapeza gulu la madoda a imvi ataima m'mphepete mwa dziwe, aliyense atagwira rimoti ngati ya galimoto za ana, akukalipirana. Pamadzi panali chombo chakuda chotalika ngati bedi la mwana, cha matanga ndi zingwe zambirimbiri, timizinga titasuzumira m'mbali. Mochizungulira munali timabwato tating'onoting'ono, kalikonse kali ndi kambendera kapepala.

Mkulu wina wamtali wowonda, wa chipewa cha ubweya, anatiyandikira. Anali iyeyo. Alamu anawerama n'kuyamba moni wawo wautali uja, koma sanafike ndi pakati pomwe. Mkuluyo anatigwira chanza mothamanga n'kunena m'Chingerezi kuti, "Mwachita bwino kubwera, Ajapani atichepera lero." Tisanadziwe chimene chikuchitika, aliyense wa ife anali ndi rimoti m'manja.

Ndinayang'ana alamu. Iwo anandiyang'ana. Pokhala panalibe, funso panalibe.

"Landirani," ananong'ona. "Cha mwini malo sitikana. Afunsa pompano."

Mkuluyo anayamba kutifotokozera, maso akuwala ngati mwana wogulidwa nsapato. Zaka mazana angapo zapitazo, Apwitikizi ankapita ku Japan pa chombo chachikulu chodzaza nsalu za silika kukasinthanitsa ndi siliva. Bwana wina wa dera la kumeneko anapsa mtima chifukwa chombocho chinasiya kukocheza pa doko lake n'kuyamba kupita kwa mnzake. Basi anatumiza ankhondo ake a malupanga, asamurai, m'mabwato ambirimbiri kuti akachilande. Ena anakwanitsa kukwera chakumbuyo kwa chombo mpaka kunyamula tebulo lolemberapo la kaputeni, koma mizinga ya Apwitikizi inawathamangitsa. Nkhondo imeneyo ndiyo madodawa ankaibwereza pa dziwe la ku Croydon.

Ife a ku Dedza Apwitikizi timawadziwa, anali tsidya lina la msewu, ku Mozambique. Koma zoti anakafika mpaka ku Japan kukaputa anthu ndinazimvera pamenepo, ndipo nthawi yomweyo ndinadziwa mbali yanga.

Malamulo ake anali apafupi. Timizinga ta chombo chachikulucho tinkalavula madzi, ndipo mwini chombo, mkulu wathu yemweyo, ndiye ankatiwombetsa. Kambendera kako kakanyowa n'kugwa, wafa, tuluka. Kumbuyo kwa chombocho kunali katebulo kochepa ngati bokosi la machesi, ka miyendo yachitsulo, ndipo kutsogolo kwa kabwato kalikonse kunali waya wa maginito. Msamurai wokoka katebuloko n'kufika nako kumtunda ndiye wapambana. Dona wina wachikulire amene ankagawa mbendera anandiuza kuti ndisadzivutitse, katebuloko sikatengeka.

Mawu amenewo ndi amene anandilowa m'magazi. Ine munthu akandiuza kuti chinthu sichitheka, tulo sindiona.

Poyamba zinali zamanyazi. Kabwato kanga kanathamangira kukagunda khoma la dziwe, kubwerera, n'kukagundanso. Ka alamu kankangozungulira malo amodzi ngati nkhuku yodulidwa mutu, iwo atagwira rimoti ndi nsonga za zala, nkhope ili gwaa ngati ali pa maliro. Chombo chakuda chinabwera mwaulemu wake, tsuu, tsuu, mbendera zathu zonse ziwiri pansi. Madoda anaseka mpaka kutsokomola. Dona uja anatipatsa mbendera zina.

"Sanafunsebe?" anatero alamu.

"Sanafunse."

"Tiyeni tipitirize. Ndi mlendo wotani wosiya masewera a mwini malo pakati?"

Ulendo wachiwiri tinafa mochedwerako. Wachitatu ndinafika pafupi kwambiri moti ndinaona katebulo kaja ndi maso angawa, kali ndi kabotolo ka inki kopentedwa pamwamba, kenako tsuu. Ndinakuwa mawu amene sindingawalembe pano, ndipo ndinathokoza kuti anali a Chichewa. Nditacheuka kuti ndione ngati mkulu wa mpingo wamva, ndinapeza jekete lawo lili pa udzu, tayi ili m'thumba, manja a malaya apindidwa mpaka m'zigongono.

"Alamu, kumanzere!" ankakuwa. "Kumanzere, mwagona kodi? Mukuyendetsa ngati dalaivala wa basi ya ku Tottenham! Mpwitikizi ameneyu atithera ana!"

Munthu amene ndamudziwa zaka zonsezi asanakwezepo mawu ngakhale poimba nyimbo, tsiku limenelo ankalumpha. Ana amene ankadutsa ndi makolo awo anaima kutionerera. Galu wina anayamba kuuwa kumbali yathu, ndipo ndinamuwerengera ngati msamurai mnzathu. Foni inkanjenjemera m'thumba mwanga kosalekeza. Ndinadziwa kuti ndi mwana uja akufuna kumva ngati mkuluyo wavomera, ndipo nthawi iliyonse ndinkakumbukira chimene tadzera. Ndinkamuyang'ana mkuluyo kuti mwina tsopano atembenuka n'kufunsa. Iye maso anali pa chombo chake basi, lilime lili panja pang'ono.

Ndinayamba kupsa mtima. Anthu awiri akuluakulu achoka kumpoto kwa mzinda mpaka kummwera atavala ngati akupita kukhoti, iwe osadabwa n'komwe? Kwathu ngakhale mwana amadziwa kufunsa kuti kaya kwagwanji. Ndinauza alamu kuti ine nditula nkhaniyi pompano, afune asafune.

"Mukatero ine ndikwera tiramu," anatero osachotsa maso pamadzi. "Tamverani. Mwawaona atsekwe awo?"

Chakumapeto kwa dziwe kunali gulu la atsekwe onenepa, ozolowera kupatsidwa chakudya. Alamu anapisa m'thumba la jekete lawo n'kutulutsa mabanzi awiri okulungidwa pa kapepala, amene anatenga pa tiyi wa kutchalitchi. Nzeru yawo inali yakuti iwo apite kutsogolo kwa chombo ndi kabwato kawo kukadzipereka, uku akuponya zinyenyeswa chakumbuyo kwake. Atsekwe akathamangira zinyenyeswazo, ine ndilowetse kabwato kanga pakati pawo.

"Mzungu sangawombere tsekwe," anatero. "Anthu awa mbalame amazilemekeza kuposa apongozi."

"Kodi si kubera kumeneko, abusa?"

"Sindine m'busa. Ndine msamurai. Tiyeni!"

Zinayenda ngati tinachita kuyeserera. Zinyenyeswa zitagwa pamadzi, atsekwe anabwera ndi phokoso lawo lonse, mapiko phaphapha, madzi thovu lokhalokha. Kabwato ka alamu kanapita molunjika kukamwa kwa mizinga, iwo akuimba nyimbo ya nkhondo imene sindikudziwa anaitenga kuti. Tsuu, mbendera yawo pansi, ndipo anagwira pachifuwa ngati awomberedwadi. Pamenepo n'kuti ine ndili pakati pa atsekwe, kabwato kanga kakubisala kuseri kwa tsekwe wamkulu wa khosi lakuda. Mkuluyo anatembenuza chombo, kuloza mizinga, n'kuzengereza. Alamu ananena zoona, chala chake chinakana kudina.

Ndinakankha kandodo ka rimoti mpaka kumapeto. Waya anakhudza kumbuyo kwa chombo, ndipo ngakhale panali phokoso lonselo ndikulumbira kuti ndinamva kuti kha. Katebulo kanali kulendewera kutsogolo kwa kabwato kanga.

Zimene zinatsatira ndinachita kuuzidwa. Akuti ndinakuwa kuti "Ndatenga! Ndatenga!" mpaka abakha anauluka. Akuti madoda onse a mbali ya Ajapani ankathamanga m'mphepete mwa dziwe, ena ndi ndodo zawo zoyendera, akukuwa kuti ndibwerere kumtunda msanga. Chimene ndikukumbukira n'chakuti chombo chakuda chinkandithamangitsa, tsekwe nayenso ankandithamangitsa, ndipo ine maso ali pa kabwato ndinkayenda chamtsogolo kuti ndikachingamire. Ndinaponda pamene panalibe nthaka.

Madzi a mu paki ya ku London m'nyengo yachisanu ngati imeneyo amazizira mpaka m'mano. Anandifika m'chiuno. Koma rimoti ndinaikweza m'mwamba, ndipo ndili chiimire m'matope momwemo ndinayendetsa kabwato kanga mpaka kanagunda khoma. Dona wa mbendera anatola katebulo n'kukakweza kuti onse aone. Alamu anagwa chagada pa udzu, akuseka mpaka misozi, miyendo ili m'mwamba, mkulu wa mpingo wathunthu.

Anandivuula anthu atatu. Nsapato imodzi inatsalira komweko ndipo mpaka lero ili m'manja mwa Apwitikizi. Mkuluyo anabwera akupukusa mutu, nayenso akuseka, nati za atsekwezo m'mabuku ake mulibe koma azilola. Ananditengera pa benchi, kundifunditsa thaulo lopukutira mabwato, n'kutithirira tiyi wa mu fulasiki. Alamu anakhala mbali inayo akubweza tayi pakhosi. Madoda ena aja anayamba kulongedza.

Mkuluyo anayang'ana suti yanga ikudontha, anayang'ana nsapato za alamu, kenako anati, "Koma inu simunavale chonchi chifukwa cha mabwato. Mwadzera chiyani kwenikweni?"

Alamu ananditsina pantchafu. Pokhala tapatsidwa, funso lafunsidwa.

Mawu amene ndinakonza sabata yonse ndinawalankhula mano akugundana, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha. Ndinati mwana wa mlongo wake ndi mwana wa mlongo wanga akufuna kumanga banja. Ndinati kwathu banja silimangidwa ndi anthu awiri okha, pamakhala munthu kuchikazi ndi munthu kuchimuna, oti zinthu zikavuta amakumana, kuwakhazika pansi anawo n'kumva mbali zonse. Kuchikazi ndine. Kuchimuna tadzapempha iyeyo. Ndinanenanso mosabisa kuti akakana, mayi wa mwanayo sabwera, ndipo mwanayo adzalowa m'banja mtima uli wosweka.

Kuseka konse kunachoka pankhope pake. Anatseka fulasiki pang'onopang'ono.

"Mwalakwitsa munthu," anatero. "Langa banja linatha. Ine ndi mkazi wanga tinakhala m'nyumba imodzi osalankhulana kwa nthawi yaitali, iye m'chipinda chochezera, ine kuseri ndikumata chombo ichi. Sitinamenyane, sitinatukwanane. Tsiku lina ndinangopeza wapita. Ndiye munthu ngati ine akalangize ana a eni? Ndikawauze chiyani?"

Ndinamufunsa ngati panalibe amene ankadziwa.

"Onse ankadziwa. Mlongo wanga, anzanga awa, a nyumba yoyandikana nayo. Anthu abwino onsewo. Ankati si nkhani yawo."

Chisangalalo chonse chija chinandithera. Ndinamumvera chisoni mkuluyo, ndipo ndinakwiya ndi anthu abwinowo, amene ankatha kuima naye pa dziwe Lamulungu lililonse kukangana za mizinga koma osagogoda pakhomo pake. Anayankha ndi alamu, m'Chingerezi chawo chodekha cha pa guwa.

"Bambo, sitinabwere kudzafuna katswiri wa malangizo. Amenewo ngodzaza m'matchalitchi. Tikufuna munthu woti akamva kuti anawa sakulankhulana, anyamuke apite."

"Ngakhale asanandiitane?"

"Akuitanani ndani? Anthu okwiyirana saitana munthu. Mumangofika, n'kukhala pampando, osachoka."

Mkuluyo anayang'ana pamadzi, pamene atsekwe ankatolera zinyenyeswa zotsala. Foni yanga inali itayambanso kunjenjemera m'thumba la jekete. Kenako mkuluyo anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Kwathu kukanabwera munthu wotero," anatero, koma sanamalize. Anatembenukira kwa ine. "Ndiuzeni tsiku. Ndipo mundiuze zovala, chifukwa suti yanga ndi yakale kuposa mkwatiyo."

Ndinabwerera ku Tottenham nditavala buluku la ovolosi la doda wina ndi nsapato za mphira zobwereka, pamwamba jekete ndi tayi. Mu tiramu anthu ankayesetsa kusandiyang'ana, monga amachitira kuno. Mwana uja nditamuuza anakuwa mpaka ndinachotsa foni kukhutu. Achemwali anafunsa kuti nkhosweyo ndi munthu wotani, ndipo alamu analanda foni n'kunena kuti ndi munthu waulemu kwambiri, amadziwa kudikira nthawi yoyenera asanafunse alendo. Ndinawasiya, sindinafune kuwatsutsa pamaso pa anthu.

Achemwali ndege anakwera. Pa chinkhoswe mkuluyo anakhala kutsogolo ndi suti yake ya makolala aakulu, akuwomba m'manja molakwitsa nthawi, ndipo amayi a ku Tottenham anamuvinitsa mpaka anapempha madzi. Ukwati unachitika, anthu anabalalika, aliyense anabwerera ku mashifiti ake. Kunena zoona, ine ndinkaona ngati mkuluyo anatichitira ulemu wa tsiku limodzi, ndipo zikadzavuta ndidzathamanga ndekha.

Chaka chisanathe, masana ena ndikutuluka kuntchito, foni inalira. Anali iyeyo. Anati waimbira mwana wa mlongo wake kawiri sabata imeneyo, ndipo mnyamatayo ankangoyankha mawu amodziamodzi. Atafunsa za mkazi wake, anati ali bwino, n'kusintha nkhani.

"Palibe wandiitana," anatero. "Ndili pa siteshoni ya ku Ilford. Mubwera, kapena ndilowe ndekha?"

Ndinamuuza kuti andidikire pomwepo, ndikukwera basi. Ndinayesa kumuseka kuti mwina anawo angotopa ndi ntchito, asatithamangitse pachabe. Iye sanaseke.

"Fulumirani," anatero. "Nyumba ikati zii, ine ndikudziwa kumene imathera."